Kuwolotsa Ababa

Lolemba

M'mawa. Lero sindikusoka. Mayunifomu a ana a sukulu adikire. Mtima udakali m'mwamba ndi za dzulo.

Ndilembe kuti ndisadzaiwale. Dzulo masana Ababa, bambo anga, akuwoloka msewu kupita ku mzikiti, njinga yamoto inawadutsa pamphuno penipeni. Ndodo uko, chisoti uko, iwo chiimire pakati pa fumbi akufunsa kuti mphepo imeneyi yachokera kuti. Sanamve kalikonse. Khutu lakumanzere linafa kalekale, lakumanja limamva zokhazo zimene lafuna. M'maso namonso muli ng'ala.

Vuto lake ndi ili. Nyumba yathu ili mbali ino, mzikiti uli tsidya. Pakati pali msewu wafumbi wochokera kudoko kukalowa mu M5 pa Liwaladzi. Kale munkadutsa ngolo ndi njinga zakapalasa. Lero ndi akabaza a njinga zamoto okhaokha, dengu la usipa kumbuyo, aliyense kufuna kukafika kutala mnzake asanafike. Ababa amakaswali kasanu patsiku. Kupita ndi kubwera, kuwoloka kakhumi. Ine pakhonde ndi makina anga, kufa kakhumi patsiku.

Wina wa pakamwa posatseka wauza kale achimwene ku Lilongwe. Aimba foni: "Lamulungu ndikubwera kudzawatenga. Kuno kuli mpanda ndi geti, palibe chowoloka." Ndati ndipatseni sabata imodzi, msewuwu ndiukonza. Aseka mpaka kutsamwa. "Uusoka ndi makina?" Kenako: "Chabwino. Lamulungu ndidzaone ndi maso anga."

Ababa ku Lilongwe! Munthu wobadwira pano, amene anaika mkazi wake m'manda a kuseri kwa mzikiti womwewu, akakhale m'geti kuyang'ana TV ya alamu? Sangathe mwezi. Nanga ine? Bambo a ana ali ku Joni chaka chachisanu, ana ali ku sukulu yogonera konko. Ababa akapita ndizikangana ndi ndani? Ndikuopa, ndinene zoona.

Zoti ndichite:
1. Chikwangwani.
2. Kulankhula ndi akabaza mwaulemu.
3. Akakana, hampu.
4. Osalira pafoni.

Komiti ya msewu yakhazikitsidwa. Tcheya: ine. Mlembi: ine. Membala: Mai Asiyatu a nyumba yoyang'anizana nafe tsidya la msewu, amene avomera asanamve n'komwe nkhani yake chifukwa bulauzi yawo ili m'manja mwanga.

Madzulo. Chikwangwani chatha! Lata lakale la kubafa, penti yofiira yotsala pa bwato la mlamu wa Mai Asiyatu. Ndalemba: AKABAZA CHEPETSANI LIWIRO. 20. PANO PAMAWOLOKA OKALAMBA. Nambalayo ndinaiona pachikwangwani china ku boma, inandisangalatsa. Koma ndayamba ndi zilembo zazikulu kwambiri, malo andithera. OKALAMBA walowa kakang'ono pakona, woti uchite kugwada kuti umuwerenge.

Ababa achiyang'ana nthawi yaitali. "Watsegula golosale?"

Lachiwiri

M'mawa. Ndili pakhonde kudikira zotsatira. Woyamba: fyuu! Wachiwiri: fyuu! Wachitatu watembenuza khosi kuti awerenge, liwiro osachepetsa, pang'ono kulowa m'nthochi za Mai Asiyatu. Ndiye kuti chikwangwani changa chawonjezera ngozi imene kunalibe.

Mfundo yachiwiri. Ndavala chitenje chabwino, ulendo ku siteji ya kudoko. Tcheya wa akabaza ndi a Jafali, bambo wa ndevu zake, akazi awiri. Ndi iwo omwe anawadutsa Ababa pamphuno, mudzi wonse ukudziwa. Ndawapatsa moni wautali, ndafunsa za ana a nyumba zonse ziwiri, kenako ndayala nkhani.

Akuti: "Achemwali, madala aja ndimawalemekeza. Ndiwo anandiphunzitsa ku madrasa, chikoti chawo ndimachikumbuka mpaka lero. Koma usipa sudikira munthu. Ukachedwa kufika kutala, a ku Kasungu agula kale kwa mnzako, iwe ubwerera ndi fungo lokha."

Ndati nanga twente? Andiitana kuti ndione wotchi ya liwiro panjinga yawo. Kamuvi kagona pa ziro ngati mwana wokhuta. "Kameneka kanafa njingayi isanafike m'manja mwanga. Tikatsata iko, ine ndimakhala nditaima tsiku lonse." Anzawo gwa! kuseka. Ndayendera njinga zonse zinali pamenepo. Ziwiri kamuvi kakufa, imodzi ilibe wotchi n'komwe, pamalo pake amatapo chithunzi cha timu ya mpira.

Ndati abale anga, kuthamanga sikufika. Wina kumbuyo: "Koma kumagulitsa nsomba, anti!"

Ndabwerera ndikutukwana mumtima, mawu oti sindingawalembe m'kope lomwe ndimalembamo miyezo ya makasitomala.

Masana. Ababa akuwoloka. Ndasiya kupalasa makina, ndagwira mpweya. Sayang'ana kumanja, sayang'ana kumanzere. Amangoti Bismillah, ndodo patsogolo, basi. Afika tsidya. Ndapuma. Kwatsala kuwoloka kasanu ndi kawiri.

Madzulo. Chikwangwani palibe! Mtengo wokha uli chiimire. Ndafufuza mpaka kudoko. Ndachipeza chagonekedwa pamiyala, usipa wa munthu ukuuma bwinobwino pa CHEPETSANI. Mwini usipa, mayi woti sindikumudziwa, akuti: "Latali limagwira dzuwa bwino. Muli nalo lina?"

Bafa lathu tsopano lili ndi bowo mbali ya kumsewu. Ndatchinga ndi thumba la feteleza.

Lachitatu

M'mawa. Zaulemu zatha. Lero hampu.

Zida: makasu awiri, wilibala yobwereka ya tayala lolira, dothi la pachulu, ndowa zamadzi zosawerengeka. Antchito: komiti yonse, ndiye kuti ine ndi Mai Asiyatu. Amuna akudutsa akutipatsa nzeru zaulere. "Kwezani pang'ono." "Mwakweza kwambiri." "Boma likudziwa?" Wogwira khasu palibe.

Yatha dzuwa lili pamutu. Yaikulu, yonenepa, kuchokera mbali ino mpaka tsidya, ngati mzere wa mbatata wa munthu wadyera. Msana wanga wapita koma mtima uli mbee. Mai Asiyatu aimba nthungululu.

Njinga yoyamba ikubwera. Buleki! Fumbi! Waima! Watsika, wayang'ana hampu, wayang'ana ine, wakankha njinga yake kukwera pang'onopang'ono. Alhamdulillah! Ndatsala pang'ono kuimbira achimwene.

Mwamwayi sindinaimbe.

Wachiwiri sanaime. Wangokhota, kulambalala hampu, kudzera pabwalo panga, kubwereranso mumsewu. Wachitatu watsata matayala a mnzake. Ochokera kutala nawonso apeza njira yawo, pabwalo pa Mai Asiyatu, pomwe ayanika makaka a kondowole pamphasa zitatu. Makaka asanduka ufa asanapite kuchigayo, wosakaniza ndi mchenga.

Munthu mmodzi yekha wakwera hampu yanga mokhulupirika, mosakhota, ndipo ndi a shehe panjinga yawo yakapalasa. Sanaione. Agwa mwaulemu, pang'onopang'ono, mkanjo kumutu. Adzuka, adzisasa fumbi, ati Subhanallah, andiyang'ana. Sananene china. Bola akanatukwana.

Madzulo. Dzulo kunali msewu umodzi, lero ilipo itatu. Watsopano wa mbali yathu ukudutsa mapazi atatu kuchokera pamkeka pomwe Ababa amakhala. Tsopano safunikanso kuwoloka kuti agundidwe, njinga ziwapeza pakhomo. Andifunsa: "Kodi msewu ndiwo wasendera, kapena nyumba?"

Walira mvula walira matope. Ndakhala pansi ndalira pang'ono, mfundo yachinayi imangoletsa pafoni.

Lachinayi

M'mawa. Ndadzuka ndapeza hampu palibe. Mai Asiyatu aisalaza okha kusanache bwino, khasu lomwe lija. Ndapereka moni, ayang'ana nkhuku zawo. Komiti yatsala ndi tcheya ndi mlembi, ndipo awiriwa sakugwirizananso.

Nzeru ina: msewu ukakana kusintha, tisinthe Ababa. Ndapeza nsalu yachikasu chowala yotsala pa madiresi a ukwati wina. Ndasoka kajekete kopanda manja, koti munthu akuone ali kudoko. Kasokedwe kabwino, mabatani atatu, kathumba ka tasibihi, mikanda yawo yopempherera. Ababa akagwira ndi zala ziwiri. "Ndikaime pamaso pa Mulungu ngati wokumba ngalande za boma?" Akapachika pamsomali. Kagwa pansi, pakali pano mwalowa nkhuku.

Masana. Ndayesa kuwagwira dzanja powoloka. Alichotsa ngati ndawaotcha. "Iwe ndinkakubereka kumsana kupita nawe kuchipatala madzi atadzaza m'dambo. Lero undikoke ngati mbuzi ya pamsika, anthu akuona?" Awoloka okha. Ine pambuyo pawo ndikukupiza chitenje uku ndi uku, kukuwa kuti imani, imani. Ana a madrasa aima pamzere kuonerera. Mmodzi wayamba kale kunditsanzira.

Achimwene atumiza uthenga: "Chipinda chawo tapenta."

Madzulo. Ulusi woyera watha, ndapita pa Liwaladzi. Pafupi ndi sitolo pagwa maliro, sindikudziwa a ndani. Aika masamba mumsewu monga mwa mwambo, mbali ino ndi mbali iyo. Ndaima kuyang'ana. Minibasi yazimitsa nyimbo, ikukwawa. Lole yaikulu ya shuga, yoti siimira ngakhale ng'ombe, ikuyenda ngati ikuponda mazira. Kenako ndani? A Jafali! Atsika panjinga, chipewa m'manja, akukankha, nkhope pansi, dengu la usipa losadikira munthu lija likudikira bwinobwino kumbuyo.

Palibe penti, palibe nambala, palibe wapolisi. Masamba basi. Womwalira akupatsidwa ulemu woti bambo anga amoyo akuusowa.

Sindikuganiza kalikonse. Astaghfirullah, sindikuganiza kalikonse. Ndangoona pobwera kuti mango athu a kuseri achuluka nthambi, akufunika kudulira.

Lachisanu

M'mawa. Lero Juma, msewu umadzaza, ndipo masana Ababa awoloka atavala mkanjo wawo woyera. Panopa atulukira kuseri, kanjira ka m'chinangwa, kupita kwa mnzawo a Bwanali kukametedwa, monga amachitira Lachisanu lililonse. Kumeta kwake mphindi khumi, nkhani maola awiri.

Ndadula nthambi. Ndayala mumsewu, mzere umodzi chakudoko, wina chakutala. Ndaonetsetsa kuti palibe wondiona. Ndadziuza kuti ndi tsiku limodzi lokha, mpaka swala ya Juma ithe, kenako ndichotsa. Sindikunamiza munthu, sindinanene kuti kuli maliro. Ndangoika masamba.

Zatheka!!! Njinga yoyamba yazima yokha. Yachiwiri. Yachitatu. Amuna akuluakulu akukankha njinga, zipewa m'manja. Fumbi lagona. Ndikumva mbalame, sindimadziwa kuti pano pali mbalame. Nkhuku yawoloka ndi anapiye ake onse, palibe wotsala. Bakha waima pakati pamsewu kudzikanda. Chikhalire sindinaone kukongola kotere. Ndalowa m'nyumba kukasita mkanjo wa Ababa ndikuimba.

Zotsatirazi ndikulemba madzulo.

Ndili mkati mosita, ndamva mfuu pabwalo. Mai Asiyatu. Aona masamba, aona mkeka wa Ababa uli wokha, asuzumira pakhomo aona ine ndaweramira nsalu yoyera. Sanafunse. Pamaliro safunsa, amayamba ndi kulira. Mkwiyo wa makaka aiwala, andikumbatira: "Mayo ine! Ndakukwiyira dzulo osadziwa kuti uli ndi odwala!"

Apa ndiye pamene ndikanayenera kunena kuti masamba ndaika ndine. Manyazi. Ndinati ndidikire apume kaye, ndiwauze tili awiri. Sanapume. Pomwe ndimatsegula pakamwa m'nyumba munali amayi khumi, pabwalo ena akuvula masilipasi.

Ndakuwa: "Ababa ali moyo! Akumetedwa kwa a Bwanali!" Andigwira mapewa, andikhazika pansi. "Limba mtima, mwana wanga. Tonse timatero." Ndati ndi zoona, ndaika masamba chifukwa cha akabaza. Wina: "Chisoni chamuzunguza mutu, mpatseni madzi." Andimwetsa madzi mokakamiza. Ndikati ndidzuke, manja anayi akundibweza. Chitseko cha kuchipinda kwa Ababa chili chotseka, ndipo palibe mayi amene angalowe mmenemo osambitsa asanafike.

Kwathu kuno maliro sagona. Zonse zathamanga kuposa akabaza:
anyamata atenga makasu, akakumba kuseri kwa mzikiti, kuti tiike ikangotha Juma;
jeneza yonyamulira maliro yatulutsidwa, yapukutidwa fumbi;
makina anga akankhidwira kukona, pamalo pake ayala mphasa;
wina waimbira achimwene ku Lilongwe;
a Jafali agwada pabwalo akulira ngati mwana, akuti ndi mantha a tsiku lija awapha madala, ndi iwo apha mphunzitsi wawo. Kenako adumphira panjinga kukauza abale a ku Nkhunga ndi ku Ngala. Anthu akuti chiyambire sanaonepo njinga ikuthamanga choncho mumsewu uno.

Osambitsa afika ndi a shehe. Alowa kuchipinda. Atuluka akuyang'anana. Pabedi pali wailesi yokha.

Nthawi yomweyo, kuchokera m'chinangwa, Ababa. Mutu wowala, ndevu zokonzedwa, fungo la sopo. Aona khamu, aona amayi akulira. Avula nsapato, apita mwakachetechete kukakhala kumapeto kwa mphasa ya amuna, apinda miyendo. Agwira mkono wa amene ali pafupi nawo: "Pepani, pepani. Watisiya ndani?"

Munthuyo watembenuka. Sindinadziwe kuti bambo wa zaka zimenezo angadumphe mpanda wa bango. Amayi atuluka m'nyumba onse pakamodzi pakhomo limodzi. Mai Asiyatu athawa ndi silipasi imodzi, ina ili pano mpaka tsopano. Atsala a shehe okha, akuyang'ana Ababa, akuyang'ana masamba, akuyang'ana ine. Kuyang'ana komwe kuja kwa pahampu.

Masana Ababa awoloka kupita ku Juma pakati pa anthu ngati zana, ena akuwagwiragwira mkanjo kuti atsimikize. Sanawolokepo motetezeka chotere.

Achimwene uthenga woti zinali zabodza wawapeza ali pa Salima. Sanabwerere. Afika madzulo ano, iwo ndi alamu, maso ofiira, nsalu ya sanda yokulungira maliro ili pampando wakumbuyo idakali m'pepala la kusitolo. Sanandipatse moni. Agwada pamaso pa Ababa, awagwira mapazi, nthawi yaitali.

Loweruka

M'mawa. Andiitana pakhonde la mzikiti. Akuluakulu pamabenchi, amayi pansi chapatali, ine pakati ngati mbuzi yodya chimanga cha eni.

A shehe sanakweze mawu. "Mwana wathu, masamba aja si a munthu mmodzi. Ndi pakamwa pa mudzi wonse. Wawanamizitsa." Ndati ndimafuna Ababa awoloke bwino. "Tikudziwa. Nanga ife tinalibe makutu oti utiuze?" Ndikanatha kuyankha kuti Lachitatu munali pomwepo mukundiuza kuti kwezani, tsitsani. Ndangoyang'ana pansi.

Okumba manda andionetsa matuza m'manja, mmodzimmodzi, ngati ndine nesi. Anafika m'chiuno. Pabuka mkangano wa dzenjelo. Ena akuti manda sakwiriridwa opanda kanthu, muikemo thunthu la nthochi, apo ayi dzenje liitana munthu. A shehe akuti zimenezo si za chipembedzo, kwirirani basi. Akangana ola lathunthu, za msewu osatchulako ngakhale kamodzi. Mkulu wina wati lisiyeni lotsegula, ntchito isapite pachabe, pano okalamba ndi ambiri. Okalamba onse amutembenukira.

Chigamulo: ndiyende khomo ndi khomo kupepesa onse amene analira. Ndayenda. Ena akhululuka, ena akufuna ndifotokoze kuyambira pachiyambi kuti aseke bwino. Mai Asiyatu alandira silipasi yawo, kenako: "Misozi yanga ija ubweza bwanji?" Abale a ku Ngala afika lero ndi thumba la mpunga wa pamaliro, uthenga wachiwiri sunawapeze. Ndayambiranso kufotokoza.

Masana. Ababa sakundilankhula, koma akulankhula ndi wina aliyense. Akufuna kudziwa amene anabwera ndi amene sanabwere. A Jafali awakhululukira zonse: "Mwana uja analira bwino." Koma msuweni wawo wa kuseri kwa dambo, amene anamva uthenga n'kupitiriza kupalira chinangwa kuti abwera ikatha ndime, ameneyo asadzapondenso pano.

Masamba ouma adakali m'mbali mwa msewu. Akabaza akuwaponda dala, hutala juu. "Maliro a kwa telala!" Liwiro labwerera, mwina laonjezekera, akubweza nthawi imene anataya dzulo.

Madzulo. Ndawapeza achimwene kuseri, pansi pa mango odulidwa aja. Ndayamba kuti achimwene, ndipatseni sabata ina. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zandipweteka. "Ndalira kuchokera ku Lilongwe mpaka pa Salima. Ndaima kawiri panjira chifukwa sindimaona msewu. Ukudziwa zimenezo?" Ndati pepani. "Sabata unapempha, ndakupatsa. Tiye tikaone msewu wakowo." Tapita kutsogolo, taima. Sipanathe mphindi, fyuu! Fumbi m'kamwa tonse awiri. Achimwene alowa m'nyumba.

Alamu akupinda zovala za Ababa m'sutikesi. Akupinda molakwika, mikanjo sapinda choncho. Ndawasiya.

Nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Mwambi umenewu lero ndauzidwa kanayi, ndi anthu anayi osiyana, aliyense ngati waupeka yekha.

Lamulungu

M'mawa. Palibe mndandanda lero.

Ababa apita ku mzikiti m'bandakucha, achedwako. Ndikuwaona kuchokera pakhonde, atuluka, azungulira kuseri kumanda kwa amayi. Aima pamenepo. Dzenje lija alikwirira, dothi lake lofiira likuonekera patali, pafupi ndi pomwe agona amayi. Akuliyang'ana ngati munthu woyang'ana munda woti adzalima chaka chamawa. Pobwera awoloka okha, Bismillah, ndodo patsogolo. Sindinakupize chitenje.

Katundu: sutikesi imodzi, mkeka woswalira, wailesi, ketulo yawo ya tiyi imene alamu akuti kwawo ziliko zamagetsi koma Ababa aikumbatira pamiyendo. A Bwanali abwera ndi lumo lometera, awapatsa. "Kumeneko akakumetani ndi makina ngati nkhosa." Akuseka onse awiri, maso akunyowa. A Jafali abweretsa kathumba ka usipa wouma, aima patali chipewa m'manja.

Ndimayembekeza kuti Ababa akana. Ndimayembekeza kuti akalipa, agwira chitseko, anena kuti pano sachoka. Sanakane. Akuti atopa kuona mwana wawo wamkazi akuthamanga mumsewu ngati wamisala chifukwa cha iwo. Ndiye kuti si njinga zawachotsa pano. Ndine.

Ali m'galimoto andiitana pawindo. Mawu oyamba kwa ine kuyambira Lachisanu. Ndaweramira ku khutu lakumanja kuti ndipepese, andiletsa ndi dzanja.

"Ndamuuza mchimwene wako, tsiku langa likadzafika adzandibweze kuno, malo ndawaona, ndi abwino. Koma iwe masamba usadzaike. Udzapemphe Asiyatu. Ako sadzawakhulupirira, ndingadzapite ndekha."

Kenako andisisita patsaya ngati ndili ndi zaka zisanu, auza achimwene kuti tiyeni.

Masana. Ndabweza makina pamalo pake. Mayunifomu khumi ndi awiri akundidikira, eni ake abwera mawa. Adhana yoitanira ku swala yalira tsidya, ndapezeka ndaimirira kale, maso kudoko, maso kutala. Njinga ziwiri zadutsa mopikisana. Ndaima choncho mpaka fumbi lagona.

Ndakhala pansi. Ulusi woyera uja ndinaiwala kugula.